Kuchotsa gutta-percha wakale mu muzu wa dzino: mafailo a pamanja kapena a makina?

Dzino lokonzedwa muzu likayambanso mafinya, gutta-percha (chinthu chonga mphira chotsekera ngalande ya mkati mwa muzu) ndi sealer (phala lomatira gutta-percha kumakoma a ngalandeyo) zakale ziyenera kuchoka kuti mankhwala otsukira afike pomwe majeremusi abisala.

Njira ya pamanja imadalira mafailo a Hedström, tizitsulo tating'ono topalira m'ngalande ya muzu. Dokotala amatsegula kumtunda kwa ngalande ndi kachitsulo koboolera kotchedwa Gates-Glidden, amadonthezamo mankhwala osungunula gutta-percha, chloroform kapena eucalyptol, dontho limodzi kapena awiri, n'kumakoka gutta-percha wofewayo pang'onopang'ono. Imachedwa, koma zala zimamva pomwe muzu wakhota. Vuto lili pa mankhwalawo: gutta-percha wosungunuka amamatirira m'makoma ngati phala, ndipo kumuchotsa n'kovuta. Mankhwalawo asafike kunsonga kwa muzu, chifukwa akatulukira kunja amawononga minofu.

Makina ndi achangu. Mafailo a ProTaper Retreatment alipo atatu: D1 ya mamilimita 16 yoyambira kumtunda, D2 ya 18 yapakati, D3 ya 22 yakunsonga, ndipo amazungulira pafupifupi ka 500 pa mphindi. Kutentha kwa kuzungulirako kumafewetsa gutta-percha, choncho mankhwala osungunula safunika kwenikweni. Koma D1 ili ndi nsonga yodula. Mukaikankha m'muzu wokhota imapanga kakhwawa kapena kuboola khoma. Mafailowa ndi a chitsulo cha nickel-titanium, ndipo amathanso kuthyokera mkati mosachenjeza.

Palibe njira yochotsa zonse, makamaka m'ngalande zophwatalala. N'chifukwa chake ambiri amayamba ndi makina, kunsonga amamaliza ndi dzanja, kenako amatsuka ndi mankhwala opha majeremusi a sodium hypochlorite mothandizidwa ndi ultrasonic (chida chonjenjemera mwachangu kwambiri), n'kujambula X-ray kuti aone zotsalira.