Ma tensiometer anayi m'munda wa malalanje aang'ono: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Ndinagula zipangizozi, zoyezera chinyezi cha m'dothi, chifukwa cha funso limene linkandisowetsa mtendere. Malalanje anga ali ndi zaka ziwiri, ndipo pakati pa mizere ndinadzala kalongonda kuti aphimbe nthaka, apondereze udzu, awonjezerenso chonde. Munda unkabiriwira mosangalatsa, koma dzuwa likafika paliwombo masamba a timitengo tina ankapindika, chonsecho ndathirira dzulo lake. Ndiye madzi anga akumwa ndani, mtengo kapena kalongonda?

Kachipangizoka n'kosavuta kukamvetsa. Ndi paipi ya pulasitiki yodzaza madzi. Kunsi kwake kuli kamutu ka dongo lowotcha kokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo pamwamba pali geji yonga wotchi yolembedwa 0 mpaka 100. Dothi likamauma limayamwa madzi a m'paipi kudzera m'kamutuko, muvi n'kumakwera. Likanyowa, muvi umatsika. Choncho chimene mumawerenga ndi mphamvu imene mizu iyenera kukoka nayo madzi m'dothi. Muvi ukakhala pansi pa 10 ndiye kuti dothi lakhuta madzi, pakati pa 10 ndi 30 chinyezi chili bwino m'dothi langati langali, losakhala mchenga wokhawokha.

Dziwiranitu kuti kachipangizoka sikawerenga malita. Amenewo ndinkalemba ndekha m'kope, kuti mtengo wakuti ndaupatsa ndowa zingati tsiku lakuti, pambali pake n'kulemba nambala ya pa geji. Mukaphatikiza ziwirizi m'pamene nkhani imamveka.

Ma tensiometer awiri ndinawazika pa mtengo umene kalongonda anafika mpaka patsinde, wina pa masentimita 30 kuya kwake, wina pa 60. Awiri enawo ndinawaika chimodzimodzi pa mtengo umene ndinaulambulira kuzungulira tsinde n'kuphimbira ndi zinyalala zouma. Ndinkawerenga m'mamawa uliwonse mame asanaume. Patatha masabata atatu yankho linali poyera. Pansi pa kalongonda, muvi wa chosayacho unkathamanga, masiku anayi okha wafika kale cha m'ma 50, pamene pa mtengo wophimbirawo sabata inkatha usanafikeko. Zakuyazo sizinkasuntha kwenikweni. Apa ndinazindikira kuti mkangano wonse uli m'dothi lapamwamba, mmene muli timizu ta mtengo waung'ono komanso mizu yambiri ya kalongonda, ndipo kamtengoko n'kamene kankaluza.

Kalongonda sindinamuzule, chifukwa ntchito yake ndikuiona: mvula ikagwa madzi sathamanga, dothi lafewa, nyongolotsi zabwerera. Ndinangomubweza mmbuyo, pafupifupi mita imodzi kuchoka patsinde lililonse, ndipo amene ndatchetchayo ndimaphimbira naye pomwepo. Zathandizanso pa vuto lina, poti kalongonda ukamulekerera amayanga pamtengo mpaka kuupinda. Kathiriridwe nakonso ndinasintha. Tsopano ndimathirira muvi ukandiuza, osati chifukwa lafika Lachitatu.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa pa zifukwa zomveka. Dothi likauma kwambiri, muvi ukadutsa cha m'ma 80, mpweya umalowa m'paipi ndipo muvi umagwera pa 0, ngati kuti dothi lanyoweratu. Zinandichitikira nditachokapo masiku angapo. Ndinabwera, n'kuona 0, mtima n'kukhala pansi, koma nditapisa chala m'dothi ndinapeza fumbi lokhalokha. Kapepala ka malangizo kamene kanabwera m'bokosi sikananene chilichonse za zimenezi, ndipo zinandiwawa, chifukwa munthu akhoza kutaya mitengo akukhulupirira geji. Geji imodzi inayambanso kuchita nthunzi mkati mwa galasi moti m'mawa manambala amavuta kuoneka. Kapampu kochotsera mpweya nako amagulitsa padera, pamene popanda iko ntchito siyenda bwino.

Kwa amene mukuyamba kumene: viikani kamutu kadongoko m'madzi usiku wonse musanazike, ndipo m'paipi muzithira madzi owiritsa atazizira, chifukwa amakhala ndi mpweya wochepa. Dzenje lisakule kuposa paipi. Thiranimo timatope pang'ono kuti kamutuko kagwirane ndi dothi, apo ayi manambala adzakunamizani. Muziona madzi a m'paipi sabata iliyonse n'kuwonjezera akatsika. Khomaninso chikhomo chachitali pambali pake. Kalongonda amakuta chilichonse, ndipo ine ndinatsala pang'ono kudula geji ndi chikwakwa.

Chipangizo chimodzi chimangonena za dothi lozungulira kamutu kake, ndiye anayiwa andichepera. Kumunsi kwa munda kuli dothi la mchenga limene limauma msanga kuposa kwina, ndipo mvula ikangosiya ndikazikako ena awiri.