Perplexity, ChatGPT, Gemini: ndi iti imene imafufuza bwino pa intaneti?

Anzanga amakonda kundifunsa kuti pa ma chatbot onsewa, mapulogalamu a nzeru zopangidwa (AI) amene mumawafunsa n'kukuyankhani ngati mukucheza ndi munthu, ndi iti imene imanena zoona. Ndimawayankha kuti onsewa amatha kunama osaphethira n'komwe. Chimene ndimayang'ana ine ndi chakuti ndi iti imene imandipatsa mpata wogwira bodzalo msanga.

Chatbot ikapanda kufufuza, imayankha kuchokera m'zimene inaphunzitsidwa mpaka tsiku linalake, ndipo zochitika pambuyo pa tsikulo sizidziwa. Mukayatsa kufufuza, imafupikitsa funso lanu kukhala mawu ochepa, kutola masamba angapo, kuwerenga zidutswa zake, n'kulemba yankho. Ikatola masamba achabechabe, yankho lake limakhalanso lachabechabe, kungoti lolembedwa mwaluso moti simungalikayikire.

Apa ndi pamene Perplexity imandisangalatsa. Inatuluka kumapeto kwa 2022, ndipo kufufuza ndiyo ntchito imene anaipangira kuyambira pachiyambi. Pafupifupi chiganizo chilichonse chimakhala ndi chizindikiro chosonyeza kumene chachokera. Mukadina, tsambalo latseguka. Pa funso lachidule, monga tsiku limene lamulo linayamba kugwira ntchito kapena kulemera kwa laputopu inayake, palibe ina imene ndimathamangirako. Koma mukafuna kuti isinkhesinkhe nanu nkhani yovuta, nthawi zambiri imangolumikiza zidutswa za masamba ngati chigamba pa chigamba.

ChatGPT ndi yosiyana. Inayamba mu Novembala 2022, koma ChatGPT search inadzabwera mu Okutobala 2024. Mpaka pano imadzisankhira yokha nthawi yofufuza, ndipo ikaona ngati yankho ikulidziwa, imangoyankha za m'mutu. Mukapanda kuona ma link pansi pa yankho, dziwani kuti mwina sinapite kulikonse. Iuzeni mosapita m'mbali kuti ifufuze. Mphamvu yake ili pa kucheza. Mutha kuibweza katatu kanayi, kuiuza kuti isiye gwero ili itenge lina, iyike zonse mu tebulo, ndipo imatsatira ulusi wa nkhani bwinobwino.

Gemini, imene inkatchedwa Bard mpaka Febuluwale 2024, imatsamira pa Google Search, ndipo imalumikizana ndi YouTube komanso Google Maps. Funso lokhudza malo kapena zimene zanenedwa mu vidiyo yaitali ndimalipititsa kumeneko. Copilot ya Microsoft imagwiritsa ntchito Bing, chida cha kampaniyo chosakira pa intaneti, ndipo mu Edge, pulogalamu yake yotsegulira masamba a pa intaneti, imatha kuwerenga tsamba limene mwatsegula kale. Chatbot ina, Claude, inapatsidwa kufufuza mu Malichi 2025. Ziwiri zomalizazi sindizikambapo zambiri chifukwa pa nkhani yofufuzayi sizinandisinthitse chizolowezi.

Musanasankhe wopambana, imvani izi. Mu Malichi 2025, a Tow Center, ochita kafukufuku wa utolankhani ku Columbia University, anayesa zida zotere zisanu ndi zitatu. Ankazipatsa kachidutswa ka nkhani ya m'nyuzipepala n'kuzifunsa mutu wake, amene anaifalitsa, tsiku ndi link. Mayankho oposa 60 pa 100 alionse anali olakwika. Perplexity, imene inachita bwino kuposa zonse, inalakwitsa 37 pa 100. Chodetsa nkhawa n'chakuti zidazi sizinkakonda kuvomera kuti sizikudziwa. Zasinthapo kuchokera nthawi imeneyo, koma khalidwe lodzikhulupiriralo likadalipo.

Ndinaziona ndekha tsiku lina. Ndinafunsa imodzi mwa izi kuti foni imene ndinkafuna kugula idzalandira ma update (zokonzedwanso za pulogalamu yake) mpaka liti. Inandipatsa chaka, ndi link yake yooneka yodalirika. Nditatsegula n'kusaka chakacho ndi Ctrl+F (mabatani osakira mawu pa tsamba), ndinachipeza ndithu, koma chinali cha foni ina ya dzina lofanana nayo, yosiyana chilembo chimodzi chokha kumapeto. Link inali yeniyeni, chaka chinali chenicheni, foni ndiyo inali ina.

Ndinafunsanso, ulendo uno motere: "Fufuza pa tsamba la kampani yopanga foniyi basi. Nambala ya foniyo ndi iyi. Undikopere chiganizo chenicheni chimene chikunena za ma update, undiuzenso tsiku limene tsambalo linalembedwa. Ukapanda kupeza, unene kuti sunapeze." Yankho linabwera lalifupi, mizere inayi, lolondola. Funso lomweli ndinaliyesa pa zida zitatu zija, ndipo kusiyana pakati pawo kunachepa kwambiri kuposa kusiyana kwa funso langa loyamba ndi lachiwiri. Mawu oti "undikopere chiganizo chenicheni" ndiwo amagwira ntchito yaikulu, chifukwa chiganizo chokopera mutha kuchisaka pa tsambalo m'masekondi ochepa, pamene chidule chake simungachisake.

Palinso mpikisano wina mkati mwa chida chimodzi chomwecho: kufufuza kwachangu ndi kumene amati Deep Research. Gemini inayambitsa yake mu Disembala 2024, ChatGPT ndi Perplexity mu Febuluwale 2025. Deep Research imatenga mphindi zingapo, imawerenga masamba ambirimbiri, n'kukupatsani lipoti lalitali. Ndi yabwino pamene simukudziwa poyambira, mwachitsanzo mukufuna kumva mbali zonse za mkangano wa akatswiri. Pa funso la yankho limodzi ndi kungotaya nthawi, ndipo cholakwika chikabisala pa ndime ya khumi ndi chiwiri, ndani angachione? Komanso ogwiritsa ntchito mwaulere amapatsidwa maulendo owerengeka.

Za chilankhulo: zambiri za pa intaneti zili m'Chingerezi, ndiye mukafunsa m'Chichewa chatbot ikhoza kusaka ndi mawu a Chichewa n'kubwerako chimanjamanja, kenako n'kudzaza mipata ndi za m'mutu. Ine ndimaiuza kuti isake m'Chingerezi koma indiyankhe m'Chichewa.

Panopa ndimachita chonchi: funso lachidule ku Perplexity, nkhani yofuna kukambirana ku ChatGPT, za malo ndi mavidiyo ku Gemini. Ikalakwitsa kawiri m'macheza amodzi sindilimbana nayo, chifukwa cholakwikacho chimatsalira m'machezawo n'kumabwereranso m'mayankho otsatira. Ndimatsegula macheza atsopano n'kumata funso lokonzedwa lija.