Timawu Ting'onoting'ono Tolozera Njira m'Chingerezi

Abale anga amene mukukonzekera ulendo wobwera kuno ku England, ndikufuna ndikufotokozereni chinthu chimene chinandisautsa m'miyezi yanga yoyamba, ngakhale kuti Chingerezi ndinachiphunzira zaka zambiri kusukulu ndipo ndinkadziyesa wochidziwa.

Tsiku loyamba kupita kuntchito ndinafunsa njira kwa mayi wina wachikulire amene tinatsikira limodzi basi. Iwo analoza ndi ambulera yawo n'kunena kuti, "Go past the church, across the bridge, then along the river." Ine ndinatola mayina okha, tchalitchi, mlatho ndi mtsinje, ndipo nditafika patchalitchipo ndinalowa mumpanda n'kuyamba kufunafuna njira kuseri kwake, mpaka ndinachedwa ndi theka la ola. Uthenga wonse unali m'kamawu kakuti past, kamene kanatanthauza kuti ndingodutsa tchalitchicho n'kuchisiya m'mbuyo.

Gwero la vutoli ndinalizindikira patapita nthawi. M'Chichewa mneni ndi amene amasenza njira yonse, pakuti timalowa, timatuluka, timawoloka, timazungulira, timatsika, ndipo ku, pa ndi mu amangotiuza malo. Mngelezi kawirikawiri amagwiritsa ntchito mneni mmodzi yemweyo, monga go, walk kapena get, ndipo kolowera amakusonyeza ndi mperekezi: go into ndi kulowa, go out of ndi kutuluka, go across ndi kuwoloka, go round ndi kuzungulira. Makutu athu anazolowera kudikira mneni, choncho mperekezi, amenenso anthu kuno amamutchula mofulumira ndi motsitsa mawu, amatidutsa osamumva.

Amene anandivuta kwambiri ndi across ndi through. Woyambayo ndi wa malo oyalika amene mukuchoka tsidya lino kupita tsidya linalo, monga msewu, mlatho kapena bwalo. Wachiwiriyo amafuna kuti chinthucho chikuzingeni, mulowe mkati mwake n'kutulukira kwina, monga nkhalango, khomo kapena chikhamu cha anthu. Nayenso towards si mnzake weniweni wa to, chifukwa woyang'anira ntchito akanena kuti "push it towards the door" akufuna mukankhire katunduyo cha kukhomo basi, pomwe "to the door" ndiye kuti mukafike naye pakhomo penipeni. Kusiyana kumeneku ndimakuona kukhala kofunika kuposa malamulo ambiri amene tinkaloweza, chifukwa pantchito yonyamula zinthu kumakhudza chitetezo cha anzanu.

Pa zokwera, ife timangoti kukwera ndi kutsika. Iwo amati get on ndi get off pa basi, sitima, ndege ndi njinga, koma get into ndi get out of pa galimoto yaing'ono ndi takisi.

Palinso pamene ku wathu amatinyenga kuti tiike to posafunika. Poti timati ndikupita kunyumba, lilime limathamangira "go to home," chonsecho cholondola ndi "go home." Chimodzimodzi pofika, sanena "arrive to," koma "arrive in London" ukakhala mzinda kapena dziko, ndi "arrive at the station" akakhala malo amodzi odziwika. Mneni enter naye salira into ponena za chipinda, amangoti "enter the room."

Masiku ano munthu akandilozera njira ndimabwereza mawu ake mokweza, ndikutsindika aperekeziwo, kuti ngati ndaphonya andikonze tisanasiyane. Sabata yatha bambo wina anandiuza njira ya kuchipatala, ine n'kubwereza kuti "over the bridge," iwo n'kupukusa mutu, nati "under," ndipo nditafika ndinapezadi kanjira ka oyenda pansi kakudzera kunsi kwa mlathowo.