Tsiku lathunthu mu situdiyo ku Blantyre, K20,000 yanga inagwira ntchito?

Anzanga a chaka choyamba akhala akundivutitsa pa WhatsApp kuti kodi ulendo wa ku situdiyo uja ndi woti munthu nkutayirapo ndalama kapena ndi kungokadya chipisi mu tauni, ndiye ndati ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Ine ndimaphunzira za nyimbo konkuno ku Zomba, changa ndi kiyibodi, ndipo mwezi watha tinapita anthu 14 ku situdiyo ina yomwe imalandira ana a sukulu tsiku lonse. Dzina sinditchula poti pali zina ndidandaule.

Tinasonkha K20,000 aliyense, ya minibasi ndi nkhomaliro momwemo. Tinanyamuka phiri lidakali mu chifunga, Thondwe, Namadzi, Njuli, kenako Limbe, msewu mukuudziwa palibe chachilendo.

Titafika ine mtima unagwa pansi. Mmutu mwanga munali zija za pa YouTube, magalasi akuluakulu ndi mabatani osawerengeka, koma apa ndi nyumba wamba ya mpanda, choimbiramo chake kachipinda koti anthu atatu mwapanikizana, makoma omata masiponji, maiki awiri, kompyuta, mikisa ndi masipika awiri basi. Koma atangotseka chitseko kunangoti zii, ngakhale hutala ya pamsewu osaimva, ndipo mnzathu wa soprano ataimba mzere umodzi nkutibwezera tonse tinangoyang'anana, mpaka mpweya wake umamveka.

Amene anatilandira ndi achimwene ena a imvi pang'ono, ndi omwe amajambula ndi kusakaniza nyimbo, ndipo kunena zoona ndalama yanga inabwerera pa iwowa osati pa zipangizo. Anandikhazika pa kiyibodi, kundiveka mahedifoni nkuyatsa kiliki, kaja kamangoti tiki tiki kusunga liwiro la nyimbo. Ine zaka zonsezi ndikuimbira kwaya ku tchalitchi ndimadziona ngati katswiri, koma ndisanafike ndi pa kolasi pomwe ndinali nditathamanga kusiya kiliki mmbuyo. Kanayi konse. Iwo osakalipa ayi, anangoti "achemwali, manotsi mumawadziwa, koma woimba wobwera ndi ndalama yake sangakudikireni kanayi, mawa aitana wina." Zinandiwawa koma ndi zoona, ku tchalitchi wa ng'oma amangokutsatira ukathamanga ndiye sudziwa kuti uli ndi vuto.

Pa nkhomaliro ndi pomwe anamasuka bwino. Anatifunsa kuti ndani akufuna kudzakhala woimba wotchuka, manja khumi mmwamba, iwo nkuseka. Akuti pa nyimbo imodzi amene amaoneka pa chithunzi ndi mmodzi koma odyapo ndi ambiri, wa gitala wolipidwa pa tsiku, oyankhira kumbuyo, wosakaniza, wojambula vidiyo. Iwowo akuti mwezi umatha bwino chifukwa cha makwaya a mipingo obwera kudzajambula, tinyimbo ta malonda ta pa wailesi, ndi kubwereketsa masipika ku maukwati ndi zinkhoswe Loweruka. Wa saundi wodziwa kuletsa maiki kulira pa siteji sakhala pakhomo nyengo ya maukwati, ndipo zikondwerero ngati Lake of Stars kapena Tumaini ya ku Dzaleka sizingayende popanda anthu a mawaya aja omwe palibe amawaombera mmanja. Ine zimenezi ndinali ndisanaziganizepo ngati ntchito, ndimaona ngati ndi za anyamata onyamula katundu.

Ndiye anatipanikiza za COSOMA, bungwe lija loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso lomwe linayamba mu 1992. Mwa anthu 14 panalibe ndi mmodzi yemwe wolembetsa, chonsecho ena ali kale ndi nyimbo zawo pa intaneti. Anafotokoza kuti mawailesi ndi malo azisangalalo amayenera kulipira akamagwiritsa ntchito nyimbo, ndipo lamulo la 2016 linabweretsanso ndalama ija imadulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo ngati mafoni, koma ngati dzina lako ndi nyimbo zako kulibe kumeneko ndiye akupatsa bwanji. Anawonjeza kuti mukapeka nyimbo awiri lembani pa pepala tsiku lomwelo kuti wapeka mawu ndani, mayimbidwe ndani, chifukwa ubwenzi umatha nyimbo ikangoyamba kumveka mma minibasi. Apa anyamata awiri a bandi imodzi anayang'anana mwa mtundu wina, kaya kunali nkhani kale kaya.

Tsopano zodandaula. Anthu 14 ndi ambiri pa kachipinda kaja, ena anathera tsiku pakhonde akusewera pa foni, mnzanga wa bezi anagwira chida chake mphindi zosakwana khumi koma analipira chimodzimodzi ndi ine. Mahedifoni abwino anali awiri okha, achitatu amamveka khutu limodzi. Cha mma 2 koloko magetsi anathima, jenereta ilipo koma mafuta munalibe, mnyamata anachita kuthamangira ku filing'i ndi chigubu ife tili pa dzuwa pafupifupi ola lathunthu. Anthu odziwa kuti kukubwera alendo olipira akanagula dzulo lake. Nkhomaliro inali mpunga ndi kankhuku kakang'ono, imeneyo ndingoisiya.

Ndiye a chaka choyamba, pitani, koma musapitirire anthu 6 kapena 7, ndipo mugwirizane nawo kale nyimbo imodzi yomwe mukajambule kuti musakathere nthawi kukangana za kiyi yoimbira nyimboyo ngati ife. Nyamulani mahedifoni anu ndi fulashi yotengeramo nyimbo yanu. Fulashiyo ndikunenetsa, chifukwa ife tinachoka mothamanga kuopa mdima pa msewu wa Zomba, anati nyimbo yathu aimaliza kusakaniza atitumizira pa WhatsApp Lachitatu, pano masabata atatu atha ndipo ndikawafunsa akungoyankha kuti "mawa achemwali." Kiliki ndinaika pa foni, a mu hositelo ayamba kale kudandaula.