Daytona ndi Kennedy Space Center, monga anazionera mwana wa makaniko wokonda mabuku

Bambo anga atamwalira, pa katundu wochepa amene anasiya ine ndinasankhapo mabuku awiri okha, lina la mbiri ya mipikisano ya galimoto ya NASCAR ndipo lina la mmene anthu a ku America anafikira ku mwezi. Iwo anali makaniko, ndipo mabukuwa ankawawerenga pensulo ili m'manja, n'kumalemba mafunso m'mphepete mwa tsamba paliponse pamene wolemba watchula injini, mafuta kapena liwiro. Masamba ena mpaka lero ali ndi zidindo za zala za girisi. Nditapeza mwayi wokhala masiku awiri ku Florida, ndinanyamula mabuku onse awiri n'kukaona bwalo la Daytona International Speedway ndi malo olandirira alendo a Kennedy Space Center, kumene maroketi opita ku mwezi ankanyamukira, malo awiri amene atalikirana ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa galimoto. Zimene ndikulemba pano ndi za munthu wa mtundu wanga, amene nkhani za malowa anazidziwira kale m'buku ndipo akufuna kudziwa ngati kulipira tikiti kungamuwonjezere kanthu.

Ndinayambira ku Daytona. Alendo amakwera tingolo totseguka m'mbali tokokedwa ndi galimoto, ndipo woperekeza amafotokoza mbiri ya bwalo tingoloto tikuyenda. Zambiri zimene ananena ndinali ndikuzidziwa: kuti Bill France Sr., amene anayambitsa NASCAR, anaitanitsa msonkhano ku Streamline Hotel mu Disembala 1947, kuti bungwe la NASCAR linakhazikitsidwa mu Febuluwale 1948, ndiponso kuti bwaloli, lomwe kuzungulira kwake ndi makilomita 4, linatsegulidwa mu 1959 chifukwa mipikisano ya pamchenga wa m'mphepete mwa nyanja inali itayamba kupanikizidwa ndi nyumba ndi mahotela. Chimene buku silinathe kundipatsa ndi kupendekeka kwa msewu. Pa tsamba limene linanena kuti makona a bwaloli anapendekeka madigiri 31, bambo analemba kuti: "Munthu angaime apa?" Tingolo tija tikamadutsa m'munsi mwa kona, msewu umaoneka ngati khoma la phula limene laweramira pa iwe, ndipo funso lawo limayankhidwa popanda wina kulankhula. Anatilola kutsika pa mzere woyambira ndi kumalizira mpikisano, pamene msewu unapendekeka madigiri 18 okha, koma ngakhale pamenepo nsapato zinkafuna kuterereka ndipo akuluakulu ena ankakwera atagwirana manja. Kupendekekako kumachititsa kuti galimoto ikamakhota ikanikizidwe pansi m'malo motayidwira kunja, n'chifukwa chake woyendetsa amatha kulowa pa kona osachotsa phazi pa moto. Dothi lokwezera makonawo analikumba pakati pa bwalo pomwepo, ndipo dzenje limene linatsala ndi nyanja yaing'ono yotchedwa Lake Lloyd, imene alendo amaiona akamadutsa.

Ulendo wa tingolo umathera ku nyumba yosungiramo mbiri ya Motorsports Hall of Fame of America, ndipo chinthu chimene chinandigwira mtima kumeneko ndi galimoto imene yapambana mpikisano waukulu wa pabwaloli, Daytona 500, chaka chimenecho. Amaisunga chaka chathunthu osaitsuka, ili ndi fumbi lake, mikwingwirima yake ndi timapepala tachikondwerero titamatirira pa galasi. Munthu amene anakulira pafupi ndi galaja amaona msanga kuti galimoto imeneyi yangofanana ndi ya mumsewu pa maonekedwe akunja basi, chifukwa ilibe zitseko zotseguka, nyale zake ndi zomata chabe, ndipo mkati mwake ndi chikhola cha mapaipi achitsulo. Pachiyambi sizinali choncho. Pa mpikisano woyamba wa galimoto zosasinthidwa, umene unachitikira ku Charlotte pa 19 Juni 1949, Glenn Dunaway ndiye anafika patsogolo, koma anamulanda chipambano n'kupatsa Jim Roper atapeza kuti masipuling'i akumbuyo a galimoto yake anali atasinthidwa, monga ankachitira anthu ozembetsa kachasu kuti galimoto isaoneke kuti yalemedwa. Bambo anaikonda kwambiri nkhani imeneyi, ndipo anailemba mizere iwiri kunsi.

Apa m'pamene ndinaona malire a ulendo wa ola limodzi, ndipo sindikunena izi modandaula, chifukwa palibe woperekeza amene angalongedze zaka makumi asanu ndi awiri m'nthawi yotere. Bwalo limakuonetsa pamene Lee Petty ndi Johnny Beauchamp anadutsira limodzi pa mzere mu 1959, mpaka panapita masiku atatu akuluakulu akuyang'ana zithunzi asanagamule kuti wapambana ndi Petty. Limakuonetsa pamene Richard Petty anapezera chipambano chake cha nambala 200 pa 4 Julayi 1984, Pulezidenti Ronald Reagan ali pomwepo. Koma nkhani zimene zimapatsa masewerawa mchere zinachitikira kutali ndi mipando yokongolayi, ndipo izo zimakhala m'buku. Junior Johnson, amene anapambana pano mu 1960 atatulukira kuti galimoto yochepa mphamvu imatha kuthamanga ikabisala kumbuyo kwa inzake imene ikung'amba mphepo, anaphunzira kuyendetsa pozembetsa kachasu wa bambo ake m'mapiri a North Carolina ndipo anakhalako m'ndende chifukwa cha mowawo. Wendell Scott, munthu wakuda woyamba kupambana mpikisano wa gulu lapamwamba la NASCAR, anapambanira ku Jacksonville mu Disembala 1963, koma mbendera ya wopambana anaikupizira Buck Baker, ndipo pamene ankavomereza kuti wopambana ndi Scott anthu anali atabalalika kale. Mlendo amene sanawerengepo zimenezi amatuluka m'bwalo ataona phula ndi zikho, pamene wowerenga amaona anthu.

Buku la bambo linasindikizidwa Dale Earnhardt asanapambanepo Daytona 500, ndipo pambali pa chithunzi chake iwo analemba kuti: "Adzapambana liti ameneyu?" Anapambana mu 1998, pa ulendo wake wa 20, ndipo panja pa bwalo pali chiboliboli chake atanyamula chikho cha tsiku limenelo. Patatha zaka zitatu, pa 18 Febuluwale 2001, anafera pa kona yomaliza ya mpikisano womwewo, ndipo imfa yake ndi imene inafulumizitsa lamulo loti oyendetsa azivala chogwirira mutu ndi khosi chotchedwa HANS komanso kuikidwa kwa makoma omwe amafewetsa mphamvu ya ngozi. Ndinaima pa chibolibolipo nthawi yaitali kuposa mmene ndinkaganizira, buku lili lotsegula m'manja, ndipo bambo wina wachikulire amene anali pafupi anandifunsa ngati ndikufuna kuti andijambule. Nditamuonetsa funso la pensulo lija anangogwedeza mutu, kenaka anandiuza kuti naye ali ndi bokosi la mapulogalamu akale a mipikisano amene malemu mkulu wake ankasunga, ndipo sanalimbepo mtima kulitaya.

Tsiku lachiwiri ndinapita ku Merritt Island, ndipo ndinene mosabisa kuti pa malo awiriwa, Kennedy Space Center ndi amene amabweza ndalama ya tikiti mokwanira kwambiri, ngakhale kuti ndi amene amadya nthawi ndi miyendo. Malowa ali mkati mwa dera losungirako nyama zakutchire, moti basi imene imatenga alendo kupita ku Apollo/Saturn V Center imadutsa m'mbali mwa ngalande zokhala ndi ng'ona isanafike pa chinyumba cha Vehicle Assembly Building, chotalika mamita 160, mmene ankalumikiziramo maroketi ataimirira. Alendo asanaone roketi amawalowetsa m'chipinda chokhala ndi matebulo ndi makina enieni amene anagwiritsidwa ntchito poyendetsa ntchito yoinyamutsa, n'kuwaonetsa mphindi zomaliza za kunyamuka kwa Apollo 8 mu Disembala 1968, mazenera akunjenjemera ndi phokoso. Ndinkaopa kuti zikhala zachibwana, koma zinakonzedwa mwaulemu. Zitseko zikatseguka, chinthu choyamba kuchiona ndi matako a Saturn V, roketi imene inkapititsa anthu ku mwezi, injini zisanu za F-1 zili pamwamba pa mutu wako, iliyonse pakamwa pake pokwanira kuimamo anthu angapo.

Roketiyi ndi yotalika mamita 111 ndipo anaigoneka chammbali, zigawo zake zitatu atazilekanitsa, moti munthu amayenda kunsi kwake kuchokera ku injini mpaka kunsonga kumene kunkakhala anthu atatu m'kachipinda kochepa ngati mkati mwa galimoto. Kuyenda mtunda umenewo ndi kumene kunandimvetsa chinthu chimene ndinawerenga kambirimbiri osachigwira, chakuti pafupifupi chinthu chonsecho ndi matanki a mafuta, ndipo chimene chinkabwerera pa dziko ndi kansonga kokha. Gawo loyamba linkayaka mphindi ziwiri ndi theka zokha kenaka n'kugwera m'nyanja. Mafuta ake anali palafini woyengedwa bwino wosakanizidwa ndi mpweya wa okisijeni wozizira mpaka kusanduka madzi, ndipo pa tsamba limeneli bambo analemba mawu amodzi okha ndi zilembo zikuluzikulu: "PALAFINI!" Ndikukhulupirira kuti chinawasangalatsa n'chakuti mafuta amene ankatsukira nawo zitsulo ndi omwewo amene ananyamula Neil Armstrong, Buzz Aldrin ndi Michael Collins pa 16 Julayi 1969. M'nyumba yomweyo muli kamwala kochokera ku mwezi kamene aliyense amaloledwa kukagwira, kosalala chifukwa cha zala za anthu, komanso kachipinda ka Apollo 14 ndi chovala cha Alan Shepard chimene chikadali ndi fumbi la kumwezi m'mawondo.

Chimene ndinalemekeza kwambiri malowa ndi mmene amasungira akufa awo. Pali chionetsero cha Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee, amene anapsa ndi moto pa 27 Januwale 1967 ali m'kachipinda ka Apollo 1 pa nthawi yoyeserera, ndipo zitseko zenizeni zimene sanathe kuzitsegula zili pomwepo, pafupi ndi chitseko chatsopano chimene anachikonza pambuyo pa ngoziyo kuti chizitsegukira kunja m'kanthawi kochepa. Makaniko aliyense angamvetse phunziro la zitseko ziwirizo popanda kumuwerengera chikwangwani. Buku la bambo limathera pa Apollo 17 mu 1972, choncho za ngozi za Challenger ndi Columbia, zombo za mumlengalenga za mtundu wa space shuttle, mulibemo, ndipo ndinakazipeza m'nyumba mmene muli chombo cha Atlantis. Chombochi, chomwe chinayenda maulendo 33 ndipo chinatseka pulogalamu yonse ya zombo za mtunduwu mu Julayi 2011, anachipachika chopendekeka, zitseko za kumsana zili zotsegula, matailosi ake ali ndi mawanga a moto. Kunsi kwake, m'kakhonde kachete, muli zinthu za anthu 14 amene anafa pa ngozi ziwirizo, zoperekedwa ndi mabanja awo, kenaka chidutswa cha khoma la Challenger chokhala ndi mbendera ndi mafelemu a mazenera a kutsogolo a Columbia. Challenger inasweka patangopita masekondi 73 itanyamuka pa 28 Januwale 1986 chifukwa mphira yotsekera polumikizira roketi inauma ndi kuzizira, ndipo Columbia inaphwasuka pobwerera pa 1 Febuluwale 2003 chifukwa chidutswa cha thovu louma chinaboola phiko lake ponyamuka. Ana amene ankathamanga ndi kukuwa m'nyumba yonseyo atafika m'kakhondeka anatsitsa mawu okha.

Cholakwa cha tsikulo chinali changa. Ndinafika dzuwa litakwera kale poganiza kuti theka la tsiku likwanira monga linakwanira ku Daytona, ndipo ndinathera nthawi yambiri pa maroketi akale oimikidwa pafupi ndi khomo, moti chipilala chakuda cha Space Mirror Memorial, chokumbukira oyenda mumlengalenga amene anafa pa ntchito, ndinangochiona mothamanga. Amene akupita afike m'mawa potsegula, akwere basi ya ku Saturn V msanga chifukwa mabasi amasiya kunyamuka nthawi yotseka isanakwane, ndipo anyamule madzi ndi chipewa, popeza dzuwa la ku Florida silinyengerera munthu. Ku Daytona nako ndi bwino kufunsiratu, chifukwa tsiku limene galimoto zikuyesedwa m'bwalo alendo sangatsike pa msewu, ndipo kwa ine kuima pa phula lopendekekalo ndi kumene kunali mtima wa ulendo wonse.

Madzulo a tsiku lomaliza ndinabwerera ku Daytona Beach kukaona mchenga pamene zonse zinayambira, pamene Malcolm Campbell anathamanga makilomita 445 pa ola mu 1935 ndiponso pamene galimoto za NASCAR zinkapikisana mpaka 1958, mbali ina pamchenga ndipo mbali ina pa msewu wa A1A. Mbali zina za gombelo amalolabe galimoto kuyenda pamchenga madzi akaphwera, ndipo ndinalipira pa chipata n'kulowa, mabuku awiri aja ali pa mpando wa pambali. Liwiro lololedwa pamenepo masiku ano ndi makilomita 16 pa ola, ndipo mwana wina wa pa njinga anandipitirira ndisanafike patali.