Chithunzi cha Ikeda n'chapamwamba, koma wogulitsayu anachipinda pakati

Ndinaitanitsa pa intaneti kope losindikizidwa la "Rebirth", chithunzi chimene Manabu Ikeda wa ku Japan anajambula ndi cholembera ndi inki, ndipo mtengo wake pamodzi ndi ndalama zotumizira simukufunika kuti ndikuuzeni inu amene munagulako zinthu zoterezi.

Chimene chandikwiyitsa n'chakuti wogulitsayu, m'malo mokulunga pepalalo n'kuliika m'chubu cholimba monga momwe analonjezera patsamba lake, analipinda pakati n'kuliponya mu envulopu wamba, kotero kuti mzere woyera wadutsa pathunthu penipeni pa mtengo umene uli mtima wa chithunzicho. Nditamulembera modandaula, anandiyankha mwachidule kuti ndiyale nsalu pamwamba pake n'kulisita ndi simbi ngati malaya. Munthu amene angalangize kasitomala zotere sayenera kugulitsa ntchito ya mmisiri amene anakhala pachithunzi chimodzi kuyambira 2013 mpaka 2016, ku Chazen Museum of Art mumzinda wa Madison ku America, tsiku lililonse akumaliza kachigawo kosaposa chikhatho cha dzanja.

Komabe mkwiyo wanga unayamba kuphwa nditachiyala patebulo. Ukachionera patali umaona mtengo waukulu wodzaza maluwa, koma ukayandikira umapeza kuti mizu yake yamera pamulu wa zombo zosweka, magalimoto ophwanyika ndi zidutswa za nyumba, mafunde akuwomba m'mbali mwake, ndipo tianthu ting'onoting'ono tikuyesa kupitiriza moyo pakati pa bwinjalo. Ikeda anajambula zimenezi pokumbukira chivomerezi ndi tsunami zimene zinachitika ku Japan pa 11 Malichi 2011, ndipo mantha amene chithunzichi chimapereka amabwera pang'onopang'ono, chifukwa kukongola kwa maluwa ndi kumene kumakukokera kufupi ndi chionongeko.

Inki yatuluka bwino ndipo pepala lake n'lochindikala, zimenezo sindingakane. Vuto lina n'lakuti chithunzi chenichenicho n'cha mamita 3 kutalika ndi mamita 4 m'lifupi, choncho pakope laling'ono chonchi timizere tambiri taphatikana, ndipo pamafunika galasi lokuzira zinthu kuti muone bwino zimene zili m'mizu.

Ndapereka nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo n'za Ikeda. Amene mukufuna kugula kwa wogulitsayu, muumirire kuti akutumizireni chithunzi cha chubucho asanatumize katundu wanu.