Rauta ndi yabwino, koma ndalama yoyikira andibwezere

Ndapereka nyenyezi zitatu. Ndikanalemba masabata oyamba aja ndikanapereka imodzi, nayonso monyinyirika.

Ndinagula rauta (kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba popanda waya) ya Wi-Fi 6 ija ya tinyanga 8, yolembedwa AX6000 pabokosi. Mtengo wake ndisautchule, mtima ungandiwawenso. M'nyumba tilimo asanu, aliyense ndi foni yake, kuonjezera TV, malaputopu awiri ndi kamera ya pakhomo. Nditakweza liwiro la intaneti kufika pa 500 Mbps (muyeso wa liwirolo), karauta kakale kanayamba kuchita wefuwefu madzulo alionse, ndiye ndinati basi, ndigule kamodzi chinthu chenicheni. Mnyamata wa m'sitolo uja anandilankhula ngati tinakulira limodzi. "Bwana, iyi mukangoyika, khoma kwa iyo ndi pepala." Ndinalipiranso ndalama yapadera kuti abwere adzayike yekha, poopa kuti ine ndingasokoneze zinthu.

Anabwera Loweruka, ndipo sanathe ngakhale mphindi 20. Anazula waya ku karauta kakale, nausomeka ku yatsopano, naikankhira m'kabati kuseri kwa TV ati isaipitse pabalaza, natseka chitseko. Pasiwedi analemba pakapepala, uyo wapita.

Usiku womwewo ndinayeza liwiro: 94 Mbps, m'malo mwa 500. M'mawa, 94. Pafoni 94, palaputopu 94, nditaima pafupi penipeni ndi kabatiyo 94. Nambala imeneyi ndinayamba kuilota. Ndinaimba kusitolo. "Ndi netiweki yanu imeneyo bwana, aimbireni eni ake." Eni akewo anayeza kumbali kwawo nati kwawo zonse zili bwino. Ndinapita kusitolo ndi risiti m'manja. Mnyamata uja atangondiona pakhomo, anapeza kasitomala wina wofunika kumuthandiza mwachangu. Mayi amene anandilandira anati katundu wotsegulidwa sabwezedwa, kenaka, mosaphethira n'komwe, anati mwina vuto ndi foni yanga, kodi sindingakonde kuona mafoni amene angofika kumene? Ndinatuluka ndisanalankhule mawu oti ndidzachite nawo manyazi.

Masabata atatu ndinakhala ndikuiyang'ana rautayo ngati mdani. Kenaka kunabwera mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira za makompyuta. Nditamudandaulira, anagwada, natsegula kabati, nazula waya uja n'kuyang'anitsitsa kamutu kake koonekera mkati.

"Amalume, tabwerani muwerenge timawaya tili umu."

Tinali tinayi. Anati tiyenera kukhala 8. Waya wa timawaya tinayi sungapitirire 100 Mbps ngakhale mutausomeka pa makina odula motani, ndipo 94 yanga ija ndi zimene zimatsala pa 100 makinawo akatengapo zawo zoyendetsera uthenga. Kuti mufike pa 1000, timawaya tonse 8 tigwire ntchito. Anafunsa za bokosi. Ndinalitsitsa pamwamba pa wodiropu, ndipo mkatimo munali waya watsopano wolembedwa Cat5e, wokulungidwa bwinobwino, wosamasulidwa n'komwe. Abale inu! Munthu ndinamulipira kuti ayike rauta, iye osatulutsa ngakhale waya wake m'bokosi. Titasintha, foni inawerenga 482. Ndinaseka kaye, kupsa mtima kunabwera pambuyo.

Mwanayo anaitulutsanso m'kabati muja n'kuiyika pashelefu, pakati pa nyumba. Kuyambira tsiku limenelo ndilibe nayo mlandu waukulu, ndipo apa ndinene chilungamo. Madzulo wina akuonera mpira pa TV, ana ali pa YouTube, mayi awo akulankhula ndi abale awo pa vidiyo, ine ndikutumiza mafayilo a kuntchito, palibenso wokuwa kuti ndani wadya intaneti. Yatha miyezi iwiri osafuna kuizimitsa n'kuiyatsanso, pomwe kakale kaja tinkakachita zimenezi pafupifupi tsiku lililonse. Imafunda pang'ono pamwamba, koma osati zodetsa nkhawa.

Koma khoma si pepala ayi. Rautayi imaulutsa mafunde a mitundu iwiri, 5 GHz ndi 2.4 GHz. Pa 5 GHz, pomwe pali liwiro lenilenilo, mafunde akadutsa makoma awiri a njerwa amafika atatopa. Kuchipinda chakumapeto foni imagwera pa 2.4 GHz, amene amafika patali koma ndi wapang'onopang'ono, ndiponso ndi pomwe marauta a anansi onse amapanikizana. Kumeneko ndimapeza 40 kapena 50, zokwanira ndithu, koma si zimene anandilonjeza. Nyumba yanu ikakhala yaitali kapena yosanja, bola kugula ziwiri kapena zitatu zolumikizana zija za mesh kusiyana ndi chimodzi chachikulu cha tinyanga tambirimbiri.

Nayo 6000 ya pabokosi musaikhulupirire. Anangophatikiza 1148 ya pa 2.4 GHz ndi 4804 ya pa 5 GHz, ndipo foni wamba siikwera pa zonse ziwirizo nthawi imodzi pa Wi-Fi 6. Mafoni ambiri ali ndi tinyanga tiwiri tokha mkati, ndiye akalimbikira amalumikizana pa 1201, kapena 2402 ngati amatha njira yotakata ya mafunde ya 160 MHz. Mnyamata uja ankafuna kundikankhira ya Wi-Fi 7, imene inayamba kuvomerezedwa mu 2024, ati ndisatsalire m'mbuyo. Mwamwayi ndinakana. M'nyumba mwanga mulibe chipangizo ngakhale chimodzi chodziwa mafunde a 6 GHz amene Wi-Fi 7 imagwiritsanso ntchito, ndipo ngakhale bowo losomekapo waya la liwiro la 2.5 Gbps (2500 Mbps) la pa rauta imene ndili nayoyi likungodikira.

Kamera ya pakhomo inandivutitsa madzulo athunthu. Imangodziwa 2.4 GHz basi, ndipo chitetezo cha WPA3 sichilankhula nacho. Ndinaitsegulira netiweki yakeyake pa WPA2, n'kulumikizana nthawi yomweyo. Chimene chinandinyansa ndi pulogalamu ya pafoni ya rautayo. Imakukakamiza kutsegula akaunti usanachite kalikonse, ndipo nditafuna kuika nthawi yoti matabuleti a ana azidukira usiku, inati zabwino zake za gawo limeneli n'zolipira mwezi ndi mwezi. Pamtengo umenewu? Ndinazisiya, matabuletiwo ndimangowalanda pamanja ikakwana 9 koloko.

Waya wakale uja ndinautengera kusitolo n'kuuika patebulo pamaso pa mnyamata uja. Ndinamupempha awerenge timawaya. Anawerenga, nati, "Pepani bwana, tsiku lija ntchito inachuluka." Ndinati pepaniyo ndamva, koma ndalama yoyikira ndikuifuna. Anati abwana ake atuluka. Ndapitako kawiri, abwanawo sanabwererebe. Wayawo uli m'chikwama changa, Loweruka ndikupitanso.